Kupalira Zikalata: Kuchotsa Mawu Osafunika M'mafayilo Ambiri Nthawi Imodzi

Pakhomo pakakhala laputopu, mwini wake amasanduka mlembi wa anthu onse osaifunsira ntchitoyo. Makalata oitanira anthu ku chinkhoswe amatayipa ndi iye, mfundo za msonkhano wa komiti ya sukulu ndi iye, kaundula wa banki m'khonde ndi iye yemweyo, osaiwalanso ndondomeko ya mapemphero a Lamulungu. Pakatha zaka ziwiri mafayilo amakhala atadzaza tho m'mafoda.

Ndiye limakwana tsiku losintha zinthu. Wapampando wasamuka, dzina lake lichoke pamakalata onse. Nambala ya foni ya gulu inapita pamodzi ndi foni yobedwa. Mwinanso bungwe lasintha dzina, monga mmene Zain inasandukira Airtel mu 2010, kapena Polytechnic ya ku Blantyre mmene inasandukira MUBAS mu 2021. Mawu akalewo ali m'makalata 60. Kutsegula imodziimodzi, kusaka ndi maso, kufufuta ndi chala, imeneyo ndi ntchito ya masiku awiri, ndipo maso akalema ena amatsalira ndithu.

Kompyuta ikhoza kumaliza ntchitoyi madzi a tiyi asanawire. Koma gwirani ichi musanasangalale: kompyuta siwerenga. Sidziwa kuti Madalitso uyu ndi munthu pomwe madalitso awo ndi a Mulungu. Imangoyang'ana zilembo zondondozana monga mwailembera, ikazipeza n'kudula. Ili ngati waganyu wamphamvu amene simunamuonetse kuti udzu ndi uti, mbewu ndi iti. Munda apalira dzuwa lisanakwere, koma mtedza upita nawo.

Sungani mbewu kaye

Musagwire mafayilo enieniwo. Koperani foda yonse kawiri. Kope lina muike pa fulashi, fulashiyo muizule pa kompyuta, ikakhale m'thumba. Kope linalo ndi logwirirapo ntchito, mulitche dzina loti simungalisokoneze, monga YOYESERA.

Ambiri amalumpha apa chifukwa chodalira Ctrl+Z, mabatani obweza zomwe munthu wangochita kumene. Mabataniwo amathandiza pa chikalata chomwe chili chotsegula pamaso panu. Pulogalamu ikasintha mafayilo 60 ali m'foda, osatsegula, n'kusungiratu, palibenso chobweza. Magetsi akathima ntchito ili pakati, simungadziwe kuti yasinthidwa ndi iti, yatsala ndi iti. Pamenepo fulashi ya m'thumba ija ndiye mbale wanu.

Onani kamchira ka fayilo

Dzina la fayilo iliyonse lili ndi kamchira kumapeto: .txt, .csv, .docx, .xlsx, .pdf ndi tina totero. Windows imakonda kubisa timichira timeneti. Kuti tioneke, tsegulani foda iliyonse, pitani pa View, muchonge File name extensions. Pa Windows 11 mupeza mawuwa mukadina View kenako Show.

Kamchirako ndi komwe kangakuuzeni njira. Mafayilo a .txt ndi .csv ali ndi zilembo zokhazokha, ndipo amenewa amapaliridwa onse pamodzi mosavuta. A .docx ndi .xlsx ndi mtolo womangidwa: mkati mwake muli timafayilo tambiri tosunga mawu, mtundu wa zilembo, zithunzi ndi zina. Amafuna pulogalamu yawoyawo. A .pdf ndiye ouma mutu, tiwafikira kutsogoloku.

Misampha ya Chichewa

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo malangizo olembedwa m'Chingerezi sanena zimenezi.

Mawu athu amakula pophatikizana. Tiyerekeze kuti m'gulu mwanu munali membala dzina lake Ana, ndipo mwauza kompyuta kuti ichotse "ana" paliponse. Chiganizo choti "Amayi anagwirizana kukumana masana" chidzatsala chotere: "Amayi gwiriz kukum mas". Mwana adzasanduka "mw", dzana lidzakhala "dz". Zilembo zitatuzi zili m'mawu ochuluka zedi a Chichewa, ndipo kompyuta idzazizula monsemo, n'kukuuzani monyadira kuti yasintha malo mazanamazana.

Mankhwala ake ndi timabokosi tiwiri tomwe timapezeka m'pulogalamu pafupifupi iliyonse. Koyamba kamalembedwa Match whole word only, kapena Find whole words only: kompyuta itenge mawu okhawo oima paokha, osati zilembo zobisala mkati mwa mawu ena. Kachiwiri ndi Match case: isiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Mukachonga tonse tiwiri, Ana achoka, "ana a sukulu" atsala.

Komabe musagone. Chiganizo chikayamba ndi mawu oti "Ana onse abwere ndi makasu", A wake ndi wamkulu, ndipo kompyuta idzati ameneyu ndi membala uja. Mayina athu ambiri ndi mawu a tsiku ndi tsiku: Chisomo, Chikondi, Mphatso, Moyo, Phiri. Ine zinandionekera ndikukonza makalata a kwaya. Ndinachotsa dzina la mlembi wakale, Madalitso, n'kusindikiza osawerenganso. Kalata iliyonse inkatha ndi mawu ofunira anthu madalitso, ndiye onse analandira kalata yotsiriza ndi "a Ambuye akhale nanu". Anthu anangoti kaya ndi kalembedwe katsopano. Kuyambira pamenepo, dzina ndimalisaka lonse pamodzi ndi chiwongo chake, osati loyamba lokha.

Kabokosi ka mawu oima paokha kalinso ndi vuto lake. Ena amalemba "a Phiri", ena "aPhiri". Ena "ku banki", ena "kubanki", komanso pali "pabanki" ndi "mabanki". Mukachonga kabokosiko, zophatikizidwazi sizipezeka. Mukachotsanso "Phiri" yekha, patsala "a" kapena "Bambo" ali chiimire popanda mwini. Choncho tengani pepala ndi cholembera, mulembe kalembedwe konse komwe mukukumbukira. Pochotsa yambani ndi zazitali: "Bambo a Phiri" poyamba, kenako "a Phiri", "aPhiri", potsiriza "Phiri". Mukayamba ndi chachifupi, zazitalizo zimathyoka ndipo simuzipezanso.

Ngati simukuchotsa chabe koma mukuikapo mawu ena, kumbukirani agwirizanitsi omwe tinaphunzira ku pulayimale. Gulu limati "lathu", kalabu imati "yathu". Mukasintha "gulu" kukhala "kalabu" mudzapeza "kalabu lathu lakumana", chinthu chomwe ngakhale mwana wa Sitandade 2 angakusekeni nacho. Palibe kabokosi kochiza zimenezi. Sinthani mawu awiriawiri, "gulu lathu" akhale "kalabu yathu", "gulu la" akhale "kalabu ya", zotsalazo muzikonze ndi dzanja.

Pali tinthu tinanso tiwiri tating'ono. Nkhodolero ya m'mawu ngati m'mudzi ndi ng'ombe ilipo ya mitundu iwiri: yowongoka, yomwe imachokera pa kiyibodi, ndi yopindika, yomwe Word imakonda kuikamo yokha. Ndi maso zimaoneka zofanana, koma kwa pulogalamu zina ndi zilembo ziwiri zosiyana. Chimodzimodzi w ndi ŵ: mukasaka Malawi, Malaŵi sapezeka. Njira yachidule ndi kusatayipa mawu omwe mukusakawo. Akopereni kuchokera m'fayilo momwemo, n'kuwamata m'kabokosi kosakira.

Mafayilo a zilembo zokhazokha

Pa ntchito iyi pulogalamu yomwe ndimaidalira ndi Notepad++. Ndi yaulere, ndi yaing'ono moti simaliza bandulo, imayenda pa Windows, ndipo yakhalapo kuyambira 2003 pamene Don Ho anaitulutsa. Musaisokoneze ndi Notepad wamba yemwe amabwera ndi Windows. Itengeni pa tsamba lake lenileni, kapena kwa mnzanu wodalirika amene ali nayo kale.

Mukaitsegula dinani Ctrl+Shift+F. Pabwera kawindo kolembedwa Find in Files. Pa Find what ikanipo mawu ochotsedwawo. Pa Replace with musiye popanda kanthu, onetsetsani kuti palibe ngakhale mpata umodzi. Pa Filters lembani *.txt kuti igwire mafayilo a mtundu umenewo okha. Pa Directory sankhani foda ya YOYESERA ija, ndipo yang'anani kawiri kuti ndi yomweyo. Ngati mkati mwa foda muli mafoda ena omwe mukufuna alowe nawo, chongani In all sub-folders. Kenako timabokosi tiwiri tija.

Tsopano chala chikuyabwa kuti chidine Replace in Files. Chiletseni. Dinani Find All kaye. Batani limeneli silisintha kanthu, limangoonetsa mmunsi mzere uliwonse womwe muli mawuwo, fayilo yake, ndi kuchuluka kwa malo omwe yapeza. Werengani mndandandawo. Mumayembekeza malo 60 koma yapeza 900? Pali cholakwika, bwererani pa timabokosi. Yapeza 12 okha? Pali kalembedwe kena komwe mwaiwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mndandanda ukakukhutiritsani, ndi pamene mungadine Replace in Files. Ikufunsani ngati mwatsimikiza, mukavomera basi yatha.

Nthawi zina chosafunika si mawu koma zinyalala za zilembo. Mumatsegula fayilo n'kupeza mâ€™mudzi m'malo mwa m'mudzi, kapena MalaÅµi m'malo mwa Malaŵi. Si vairasi ayi. Fayiloyo inasungidwa mwa kalembedwe kotchedwa UTF-8 koma pulogalamu ina inaiwerenga mwa kalembedwe kena. Yambani mwayesa kusankha UTF-8 pa Encoding m'mwambamo. Zikapanda kukonzeka ndiye kuti zinyalalazo zinasungidwira momwemo: koperani â€™ muike pa Find what, pa Replace with muike nkhodolero, muchite monga tafotokozera, koma kabokosi ka mawu oima paokha kakhale kosachonga.

Chenjezo limodzi lokha apa: musalozetse Notepad++ pa mafayilo a .docx kapena .xlsx. Mukatsegula imodzi mudzangoona zilembo PK poyambirira, kutsogoloko zopanda mutu. Mukasinthamo kanthu n'kusunga, Word ikhoza kukana kuitsegulanso.

Kuzula mzere wonse

Magulu ambiri masiku ano amakambirana pa WhatsApp, ndipo mlembi amafunika kusunga zomwe anagwirizana. Pa foni ya Android, mukatsegula gulu n'kudina timadontho titatu, More, Export chat, Without media, mumapeza fayilo ya .txt, nthawi zina ili mkati mwa .zip. Vuto ndi loti paliponse pomwe panali chithunzi kapena uthenga wa mawu pamatsala mzere wokhala ndi tsiku, nthawi, dzina la wotumiza, ndi mawu oti Media omitted. Gulu lokonda zithunzi za maluwa a m'mawa, mizere yotereyi imaposa nkhani zenizeni.

Kuchotsa mawu awiriwo pakokha sikuthandiza, chifukwa tsiku ndi dzina zitsala. Tikufuna mzere wonse uzuke. Pa kawindo komwe kaja, pansi pa Search Mode, sankhani Regular expression, ndipo pa Find what lembani ndendende chonchi:

^.*Media omitted.*\R

Musaope, si zamatsenga. Kadenga ka poyambako kakutanthauza chiyambi cha mzere. Dontho ndi nyenyezi zikutanthauza zilembo zilizonse, zingachuluke bwanji. \R ndi pothera mzere. Zonse pamodzi zikuti: mzere uliwonse womwe muli mawu awa, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Pafupi pomwepo pali kabokosi kolembedwa . matches newline. Kameneko kasachongedwe, zivute zitani. Kakachongedwa, "zilembo zilizonse" zija zimalumpha malire a mzere n'kumeza pafupifupi fayilo yonse.

Mukakhala mu Regular expression mukhozanso kusaka mawu angapo pakamodzi powalekanitsa ndi kamzere koimirira: Celtel|Zain igwira onse awiri. Kabokosi ka mawu oima paokha sikagwira ntchito muno, m'malo mwake mumatchinga mawuwo ndi \b uku ndi uku, chonchi: \bAna\b. Mukamaliza bwezerani Search Mode pa Normal, kuopa kudzadabwa tsiku lina.

Makalata a Word

Ndinene mosabisa: Word ilibe batani losinthira zikalata zambiri nthawi imodzi. Ctrl+H imatsegula Find and Replace, koma ya chikalata chomwe mwatsegula chokhacho. Timabokosi tiwiri tija timapezeka mukadina More.

Chotonthoza ndi chakuti Word imakumbukira zomwe munalemba m'kawindoko malinga simunaitseke yonse. Ndiye pa chikalata chachiwiri ndi zotsatira zake simutayipanso: tsegulani, Ctrl+H, Replace All, tsekani kawindo, Ctrl+S, Ctrl+W, china. Dzanja likazolowera, chikalata chimodzi sichitenga mphindi. Ngati makalata ali 30 kapena 40, musavutike kusaka nzeru zina, ingochitani chomwechi. Pa chikalata choyamba gwiritsani Find Next ndi Replace, kumodzikumodzi, kuti muone zomwe ikugwira. Mukakhutira ndi pamene muyambe Replace All.

Ngati mawu ochotsa ndi ambiri, tinene asanu ndi atatu pa chikalata chilichonse, phunzitsani Word kuti izibwereza yokha. Pitani pa View, Macros, Record Macro, sankhani Keyboard, muipatse mabatani omwe simuwagwiritsa ntchito pa china chilichonse. Chitani kusintha konse kusanu ndi kutatu pa chikalata chimodzi, kenako Stop Recording. Pa zikalata zotsatira mungodina mabatani aja. Izi zimatheka pa Word ya pa kompyuta, ya pa foni ilibe. Ma macro olembedwa ndi anthu ena omwe amatsegula okha foda yonse alipo pa intaneti, koma macro ndi khomo lomwe mavairasi amakonda kulowera. Ngati simutha kuwerenga zomwe zalembedwamo, pezani wodziwa amene mumamukhulupirira akhale pambali panu. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Aliponso masamba a pa intaneti olonjeza kukukonzerani mafayilo onse mwaulere mukangowatumiza. Ndondomeko ya mapemphero, kaya. Koma kaundula wokhala ndi mayina a anthu, manambala a foni ndi ngongole zawo, ine ndingakane. Simudziwa kuti akukagona pa kompyuta ya ndani, komanso kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu zosungidwa motere.

Amene alibe Word, LibreOffice Writer ndi yaulere ndipo nayonso imayankha Ctrl+H. Pa foni, Google Docs ili ndi Find and replace pa timadontho titatu, chikalata chimodzi pa nthawi.

Kaundula wa ndalama

Excel ndi yomasukirapo. Mukadina Ctrl+H, Options, n'kusintha Within kukhala Workbook, imasintha masamba onse a m'fayilo imodzi pakamodzi. Asungichuma ambiri amalemba MK5,000 m'kabokosi, kenako n'kudabwa kuti Excel ikukana kuwonkhetsa. Ikuona ngati mawu, osati nambala. Chotsani MK, ziyamba kuwonkhetseka. Koma sankhani kaye mzere wa ndalama wokhawo, Within ikhale pa Sheet, ndipo chongani Match case, apo ayi a Mkandawire adzuka ali a andawire. Nyenyezi yokhayokha musailembe pa Find what: mu Excel ikutanthauza chilichonse, ndipo Replace All idzasesa tsamba lonse. Dziwaninso kuti Replace imalowa mpaka m'masamu obisika kuseri kwa timabokosi, choncho kuchotsa nambala mwanjira imeneyi kukhoza kusokoneza chiwonkhetso mwakachetechete.

PDF ndi zojambulidwa

Ngati PDF inachokera ku Word, sakani chikalata cha Word chija, mukonze chimenecho, mupange PDF yatsopano. Ndiyo njira yaifupi. Ngati inajambulidwa ndi foni kapena sikana, nthawi zambiri mulibemo mawu oti kompyuta ingasake, ndi chithunzi chabe cha pepala. Ndipo kuphimba dzina ndi kabokosi kakuda sikufufuta: pa PDF ya mawu enieni, munthu akhoza kukopera pamalo pomwepo n'kumata kwina, dzina lija n'kutulukira. Chida chofufutiratu chimatchedwa Redact, chimapezeka mu Adobe Acrobat Pro, yomwe ndi yolipira.

Achoka pamaso, koma alipo

Izi n'zofunika makamaka ngati mukuchotsa mayina pofuna kuteteza anthu, monga potumiza lipoti la odwala kapena la ana amasiye kwa othandiza. Mu Word, Track Changes ikakhala yoyaka, mawu ochotsedwa amangolembedwa mzere kapena kubisika, wolandira akhoza kuwaona onse. Pitani pa Review, muvomereze zosintha zonse pa Accept, muizimitse. Dzina la wolemba ndi ndemanga za m'mbali nazonso zimatsala; File, Info, Check for Issues, Inspect Document imazipeza n'kuzichotsa. Yang'ananinso kumutu ndi kumunsi kwa tsamba, kumene adiresi ndi nambala ya foni zimakonda kukhala. Mu Google Docs, aliyense amene mwamulola kusintha chikalata akhoza kuona mmene chinalili kale, ndiye pangani kope latsopano mutumize limenelo. Dzina la fayilo nalonso limaulula: mkati mwachotsa zonse koma kunja kwalembedwa dzina la mwini ngongole. Mafayilo akachuluka, PowerRename, yomwe ili m'gulu la zida zaulere za Microsoft zotchedwa PowerToys, imasintha mayina onse pakamodzi ndipo imayamba yakuonetsani mmene adzaonekere.

Pali zikalata zina zomwe khasu lisafikeko. Mfundo za msonkhano wa chaka chatha zinalembedwa wapampando wakale ali pampando, ndipo n'zoona kuti analipo. Kumufufutamo ndi kunamiza gulu. Sinthani makalata omwe muziwagwiritsabe ntchito, mbiri muisiye. Malisiti, mapangano a ngongole ndi zolemba za anthu ena zokhala ndi mayina a eni ake, chimodzimodzi.

Kusesa pomaliza

Pomwe pazulidwa mawu pamatsala dzenje. Mipata iwiri yoyandikana: sakani mipata iwiri, muikepo umodzi, mubwereze mpaka kompyuta inene kuti yapeza 0. Mpata wotsogolera mpatuliro kapena mpumiro: sakani mpata ndi chizindikirocho, muikepo chizindikiro chokha. Mizere yopanda kanthu mu Word: sakani ^p^p, muikepo ^p.

Mukatero tsegulani mafayilo atatu, yoyamba m'foda, yomaliza, ndi yaitali kuposa onse. Werengani mokweza mawu, pakuti khutu limagwira "kalabu lathu" msanga kuposa diso. Zikakhala bwino, sinthani dzina la foda ya YOYESERA, muikepo tsiku la lero. Fulashi ija musaifufute mpaka msonkhano wotsatira utadutsa ndipo makalata awerengedwa ndi anthu ena osati inu nokha.